Kachitsekerero ka Ulusi Wofiira

Anakumana pa siteji ya basi, kukugwa mvula yowaza. Telala anali atakumbatira chikwama cha madiresi a makasitomala ake. Pambali pake, mwamuna wina wamtali anali atakhalira katoni ya mabotolo, akuyang'ana uku ndi uku ngati wosochera.

"Pepani asisi, basi yopita ku bwalo la chionetsero ndi iti?"

"Chionetsero chanji?"

"Cha zakudya ndi vinyo. Mumakhala mumzinda muno koma simukuchidziwa?"

"Ine ndimadziwa singano ndi ulusi basi."

"Ndiye mawa mubwere. Mudzafunse tenti ya Wavinyo wamtali. Mukapanda kubwera, vinyo wanga yense asasa ndi chisoni!"

Telala anaseka. Koma abale, mtsikana wodya yekha m'kachipinda kake, wocheza ndi wailesi tsiku ndi tsiku, mungamuuze mawu otere n'kuganiza kuti akhala pakhomo? Anapita.

Pa geti anamupatsa katambula kolawira vinyo. M'kati munali matenti oyera ndondondo, utsi wa nyama yootcha, tchizi wodulidwa tizidutswa, anthu akuseka atagwirana manja. Wavinyo atangomuona anasiya makasitomala ali chiimire.

"Wabwera Kanyenyezi kanga! Usamwe kaye. Nunkhiza, kenako ulawe pang'ono."

Telala analawa, nkhope n'kuchita tsinya. "Iii, akuwawa!"

"Woyamba amatero. Wachiwiri ndi amene amakoma."

Chionetserocho chinali cha masiku atatu, ndipo masiku onse atatu Telala anatseka makina ake masana n'kuthamangira komweko. Tsiku lomaliza, akupasula matenti, Wavinyo anatulutsa m'thumba kachitsekerero ka botolo la vinyo. Kanali kobooledwa pakati, kopisidwa ulusi wofiira wolukidwa bwino, ndi mfundo yokongola ngati kaduwa. Anamuveka m'khosi.

"Aka ndakukonzera ndi manja angawa. Munda wathu wa mphesa uli kutali, sindingamabwere pafupipafupi. Koma chaka chamawa, pa chionetsero chomwechi, ndidzakuvula kachitsekerero aka n'kukuveka mphete. Undidikire, wamva?"

"Ndidikira," anatero Telala, misozi ili lengelenge.

Ndipo anadikiradi. Chaka chathunthu! Mameseji ankabwera masana okhaokha.

"Kanyenyezi, lero ndathyola mphesa ndikuganiza za iwe."

"Wapamtima, kwatsala miyezi isanu. Usandisinthe ndi wina."

Telala akaimba madzulo, foni inkakhala yozimitsa. Mawa lake yankho linali lomwelo: "Netiweki ya kumunda kuno, wokondedwa." Iye ankakhulupirira. Nanga akanatani, poti mameseji amenewo ndiwo ankamudikirira akaweruka?

Mkulu wake, amene ankasoka naye mu shopu imodzi, tsiku lina anagwira kachitsekereroko n'kukatembenuza.

"Iwe, mfundo iyi wamanga ndani?"

"Iyeyo. Ndi manja ake."

"Zaka khumi ndi zisanu ndili pa ulusi ine. Mfundo iyi si ya mwamuna."

"Asisi, nsanje imeneyo! Amuna ena ndi aluso."

"Chabwino, mwini wake. Ine ndangonena."

Telala anakwiya sabata yonse. Kenako anagula nsalu yofiira ngati ulusi uja, n'kudzisokera diresi yoti adzalandirire mphete. Anaisoka, kuiphwasula, kuisokanso, mpaka inakhala monga ankafunira. Ngakhale amayi ake anawaimbira foni: "Amayi, mwezi wamawa mumva nkhani yabwino."

Tsiku linafika. Ali m'basi, meseji inalowa.

"Kanyenyezi, chaka chino abwana abwera okha, ndi ovuta. Usafike ku tenti. Khala pa benchi ya pafupi ndi oimba, ndikupeza."

Analandira katambula kake pa geti n'kukakhala pa benchipo. Ola loyamba linatha. Anthu ankadutsa awiriawiri, wina akudyetsa mnzake keke, wina akupukuta mnzake pakamwa. Banja lina linamupempha kuti alijambule, iye n'kujambula akumwetulira. Ola lachiwiri linatha. Bambo wina anafunsa ngati malo apambali pake ali ndi munthu.

"Alipo, akubwera," anayankha, n'kuikapo chikwama.

Anagula soseji ziwiri, imodzi yake, ina ya Wavinyo. Zonse zinazizira m'pepala. Kusungulumwa kwa m'kachipinda kake ankakudziwa, koma kwa pakati pa anthu osangalala kunali kowawa kuposa. Kodi munthu angaiwale tsiku limene analonjeza yekha? Kodi abwanawo salola munthu ngakhale kukapereka moni?

Dzuwa litapendeka anaimirira. "Ndingomuona patali basi," anadziuza.

Tenti inali pamalo omwe aja. Wavinyo panalibe. Panali mayi wina wonenepa bwino, wovala epuloni, wa nkhope yansangala, akuthirira anthu vinyo. Telala asanabwerere, mayiyo anamukodola.

"Fikani asisi, musaope! Koma diresi imeneyo, ha! Anakusokerani ndani?"

"Ndasoka ndekha."

"Manja anu ndi odala. Bweretsani katambulako." Akuthira, maso ake anagwera pakhosi pa Telala, n'kuwomba m'manja. "Mayo ine! Ka chaka chatha! Mwakasunga mpaka lero?"

Telala anagwira kachitsekerero kake. "Mukukadziwa?"

"Ndingalephere kudziwa ntchito yanga? Ndimaluka ndine timeneti. Aliyense wogula botolo timamupatsa kamodzi. Chaka chatha ndinaluka mazana atatu, ndili ndi pakati potopa, zala mpaka kutupa. N'chifukwa chake sindinabwere, ndinangotuma bambo a kunyumba."

Mayiyo anakoka basiketi pansi pa tebulo. Munali modzaza tizitsekerero, tonse ta ulusi wobiriwira, tonse ndi mfundo ija ya kaduwa.

Telala anayang'anitsitsa m'basiketimo.

"Bambo a kunyumba?"

"Eya, amuna anga. Aataliatali, mwina ndi amene anakugulitsani. Ndi awo akubwera apowo! Bambo a mwana, tabwerani mudzaone kasitomala wokhulupirika!"

Wavinyo anatulukira kuseri kwa tenti atasenza katoni paphewa. Ataona diresi yofiira anaima. Telala anamuyang'ana m'maso, akudikira. Liwu limodzi lokha, ngakhale la bodza! Mwamunayo anatsitsa katoni pang'onopang'ono, n'kupukuta manja pa thalauza.

"Zikomo mayi," anatero. "Mumukonda vinyo wathu?"

Mayi! Chaka chathunthu cha Kanyenyezi, lero wasanduka mayi? Telala anafuna kukuwa, kutulutsa foni, kuwerenga mameseji onse pamaso pa anthu. Koma anayang'ana mkazi uja, akumwetulira osadziwa kanthu, zala zake zili ndi zipsera za singano ngati zake zomwe.

"Woyamba anali wowawa," anayankha motsitsa. "Wachiwiri ndiye wanyanya."

Mkazi uja anaseka. "Mwamva bambo? Muwathirire wotsekemera uja! Ndipo asisi, ulusi wanuwo wasuluka. Landirani ka chaka chino, kaulere. Anthu osunga zinthu ngati inu ndi osowa."

Anamufumbatitsa kachitsekerero kobiriwira. Telala anathokoza, anaika katambula pa tebulo vinyo ali momwemo, n'kutembenuka. Sanathamange. Anayenda bwinobwino kudutsa matenti onse, kudutsa oimba, kudutsa benchi ija, ndipo misozi inayamba atatuluka pa geti.

Pa siteji ya basi, pomwe paja anakumana, anakhala yekha. Anavula kofiira m'khosi n'kukaika pachikhatho pambali pa kobiriwira. Anatiyang'anitsitsa monga telala amayang'anira msoko. Kalukidwe kamodzi, mfundo imodzi, dzanja limodzi.

Foni inalira.

"Kanyenyezi kanga, si mmene ukuganizira. Ndikufotokozera mawa. Undidikire."

Undidikire! Telala anafufuta mesejiyo, anafufuta ndi ena onse a chaka chathunthu, imodziimodzi, mpaka nambala yomwe. Basi inabwera n'kupita, iye osakwera.

Foni inaliranso. Inali meseji ya mkulu wake.

"Iwe, tatiuza! Mphete yalowa? Amayi akungondiimbira kuno."

Telala anapukuta misozi ndi mkono wa diresi yake yofiira, n'kulemba:

"Munanena zoona asisi. Mfundo ija ndi ya mkazi. Ndamuona, ndi munthu wabwino. Bwerani mudzanditenge."