Masiku a Bambo Aksel Anakana Kuima

Chimene Bodil anayamba kuona chinali chiwerengero. Ankagwira ntchito ya usiku panyumba yosungira okalamba kunja kwa tauni ya Skive, ndipo pakompyuta yapamenepo aliyense anali ndi mzere wake: tsiku lobwera, tsiku lochoka, kenako masiku amene wakhala. Tsiku lochoka likakhala losalembedwa, makinawo amawerengera mpaka lero. Bambo Aksel a m'chipinda cha 9 anamwalira Lachiwiri, Bodil analemba yekha tsikulo, masiku awo n'kuima pa 812. Koma Lachinayi usiku anapeza 814, tsiku lochoka litafufutika.

Analembanso. Itangokwana 12 koloko, mapaipi otenthetsa nyumba akugogoda m'khoma, panja pali bii, tsiku lija linazimirira iye akuona, chiwerengero n'kufika 815. Kenako belu la m'chipinda cha 9 linalira kamodzi, mwaulesi, mmene mwini wake ankalizira akafuna khofi.

Bodil atamufotokozera m'mawa mwake, Torben, wokonza makompyuta, anangoseka. "Mayi, makina sadziwa maliro, amangochotsera tsiku ili pa ilo. Alipo akufufuta. Mwina n'chigongono chanu mukamawodzera."

Koma Gerda wophika anamukokera kukhitchini n'kunong'ona: "Iwe, usiku umene anatisiya uja, unatsegula zenera?"

Bodil sanalitsegule. Ndani sadziwa kuti munthu akatsirizika umatsegula zenera kuti mzimu utuluke? Koma usiku umenewo kunali mkuntho, iye ali yekha ndi nkhalamba makumi awiri. Atachoka kukhitchiniko anapita kukayesa kulitsegula, koma anapeza zeneralo litagwirana ndi chisanu ngati analikhomera misomali.

Tsono chipindacho chinali chitaperekedwa kwa mayi ake omubala, amene anadikira malo chaka chathunthu, atagwa kawiri pamasitepe kwawo. Akanakana, akanabwerera kumapeto kwa mndandanda. Bodil anapempha china kwa abwana mpaka misozi. Panalibe.

Lolemba mayiwo analowa, n'kusisita bulangeti. "Chipinda chabwino, mwanawe. Koma bambo akhala pampandowa ndi ndani? Wamwano bwanji, moni sayankha."

Usikuwo belu silinalire. Nyumba yonse inali zii, kupatula kupuma kwa okalamba kuseri kwa zitseko. Bodil anakhala maso ali pakompyuta mpaka tsiku linatembenuka, ndipo pamzere wa bambo Aksel tsiku lochoka linadzilemba lokha, masiku n'kuima pa 819. Anapumira m'mwamba. Atatsitsa maso pamzere wa mayi ake, anapeza napo palembedwa tsiku lomwelo. Masiku amene akhala: 1.

Anafufuta, linabwerera. Anafufutanso, linabwerera.

Anathamanga m'khonde lamdima opanda nsapato. Pakhomo la chipinda cha 9, mphepo yozizira inkatulukira pansi pa chitseko n'kumuluma zala zakumapazi.

"Amayi?" anaitana, dzanja lili pachogwirira. "Amayi, ndine Bodil."