Fungo la Ndimu Pansi pa Chitseko

Botolo limene a Mtchona analiona pagalasi la sitolo madzulo aja linali lakuda, lonyezimira ngati nsapato ya mkwati. Kunyumba kwawo kunali lina lotero, koma lotuwa ndi fumbi, louma mpaka pansi, pa tebulo pomwe malemu akazi awo analisiya.

Pafyumu ameneyu anamugula kunja, kumene anatha zaka zambiri akuwotcherera zitsulo. Ankamudziwa bwino. Ukangopopera umamva khungu la ndimu, lakuthwa, losachedwa kutha. Kenako tsabola. Chotsalira m'malaya mpaka mawa ndi fungo la thabwa lonyowa ndi chikopa. Ulendo umodzi wokha umene anabwera kudzacheza, mayi a kunyumba aja anatulutsa botololo m'sutikesi. Anati litsale, nyumba izimveka kuti ili ndi mwamuna. A Mtchona anaseka, nalonjeza kuti abwera lisanathe.

Linatha. Mayi anadwala, namwalira. Iwo anafika maliro ataikidwa kale.

Tsiku limenelo, atachoka kusitolo kuja, anagona osadya. Magetsi anali atazima. Tulo tisanawagwire, anamva nsapato pakhonde. Zinkayenda modekha, mwendo wamanzere ukukoka pang'ono. Mmene amayendera iwo eni.

Nsapato zinaima pakhomo.

Kenako fungo linalowa pansi pa chitseko. Ndimu. Osati thabwa lakale lotsalira m'nsalu, ayi. Ndimu wa munthu amene wangopopera kumene. Anapapasa pa tebulo. Botolo linalipo, lozizira, lopepuka.

Wapanjayo anagogoda ndi chala chimodzi, kugogoda kwa a Mtchona eni, kumene mayi ankakuseka kuti n'kwa mlendo woopa galu.

"Mayi a nyumba," anatero motsitsa. "Ndafika."

Mawuwo anali a a Mtchona.

Anadzuka, nagwira chogwirira chitseko, koma sanatsegule. Anaima pomwepo. Wapanjayo sanagogodenso. Ankangopuma, moleza mtima, ngati munthu wozolowera kutsegulidwa. Ndimu anasanduka tsabola. Tsabola anasanduka thabwa. Kunja kutayamba kuyera, nsapato zija zinabwerera, mwendo wamanzere ukukoka.

M'mawa anakafotokozera atelala a nyumba yoyandikana, mayi wamkulu amene ankasamalira malemu pa matenda. Atelala sanadabwe. Anapitiriza kulowetsa ulusi m'singano ya makina, n'kunena kuti munthuyo anayamba kubwera mayi atangogona pamphasa. Usiku uliwonse fungo linkadutsa pakhonde, chitseko n'kutseguka, odwala aja n'kumveka akuseka ngati mtsikana. Oyandikana nawo onse ankanong'onezana kuti bambo abwera mobisa, mwina athawa ntchito, ndipo anawasungira chinsinsi.

"Usiku womaliza sanali okha, achimwene," anatero atelala. "Ife timayesa ndinu."

A Mtchona anakhala pansi pakati pa zidutswa za nsalu. Miyezi yonseyi chinkawadya n'choti mkazi wawo anafa yekha, maso ali kuchitseko. Tsopano sanadziwe ngati athokoze kapena achite nsanje. Analira ngati mwana, atelala n'kuimitsa makina.

Atapukuta misozi anafunsa chifukwa chake munthuyo akubwerabe. Kodi sakudziwa kuti mayi anapita?

"Amuuze ndani? Inu simutsegula."

Madzulo a tsikulo anaitana mlamu wawo, mng'ono wa malemu. Mlamuyo anawapeza atasamba, atavala jekete, akhala pampando woyang'ana kuchitseko, botolo louma lili pamwendo. A Mtchona anati uthenga wa maliro iwo anaulandira pafoni, kwa munthu wothamangira zake. Mnzawo wobwera usikuyo sayenera kuumva choncho. Wogwira ntchito imene iwo anaithawa, yokhala ndi odwala, ayenera kuuzidwa atakhala pansi, m'nyumba.

Mlamu anawachonderera kuti akagone kwawo. Anapukusa mutu.

"Alamu, pezani cholembera, mulembe zonsezi monga ndakuuzirani, osasiyako kanthu. Usiku uno nditsegula. Sindikudziwa kuti mawa mudzapeza uti mwa ife awiri."