Timizere ta Pensulo Pafupi ndi Chitseko

"Makoma onse a m'tauni muno amandidziwa ine. Ndikapaka penti, ngakhale tchimo limabisika."

Amatero ndi alamu anga opaka penti, munthu woti akayamba kudzitama bulashi imaumira m'manja. Zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso angawa. Mlonda wa pamalopo aliponso, kamufunseni, bola mum'peze asanalawe.

Mayi wina wa nyumba zalendi anawapatsa chipinda chimodzi chapamwamba kuti awayese. Chikakongola pofika Lachisanu, ntchito ya nyumba yonse yosanjayo ikhala yawo. Ine ndinangopita kukagwira makwerero ndi kuwathandiza nkhani.

Pakhoma, pafupi ndi chitseko, panali timizere ta pensulo, tija amalemba makolo poyeza msinkhu wa mwana. Tinali tinayi, kapamwamba kondilekeza m'chiuno. Linali Lachitatu. Alamu anatipala timizereto ndi sandipepa, napaka kawiri, tinakhoma chitseko n'kumapita.

M'mawa mwake tinapeza timizere tili pomwepo, pamwamba pa penti. Koma tsopano tisanu. Katsopanoko kanali pachifuwa panga.

Alamu anayamba ndi ine, ati ndimawachitira kaduka chikwatirireni mlongo wanga. Kenako mlonda, ati watumidwa ndi anzawo ofuna ntchito yomweyo. Mlonda analumbira kuti kiyi ndi mmodzi yekha, ndipo anagona m'thumba la alamu omwewo. Tinafunsa mayi wa nyumba za banja limene linkakhalamo. Anayankha maso ali pafoni, ati linasamuka. Nanga mwana?

"Anasamuka awiri," anatero, n'kutsika masitepe osatsanzika.

Tinapakanso, penti yochindikala ngati bulangete. Lachisanu m'mawa kamzere kena kanali katafika paphewa panga. Ndinafuna kuseka kuti mwanayu ndiye akudya bwino, koma ndinangotola bulashi n'kuwapatsa alamu.

Alamu anati lero sitichoka, tipaka n'kulondera mpaka mayi aja abwere kudzaona. Tinapaka. Penti inauma dzuwa lili paliwombo. Iwo anakaima chotsamira khoma lomwelo, manja atapinda, ati tione wolembayo adzera pati.

Mahutala a pamsewu anayamba kumveka patali, ngati tili pansi pa madzi. Kenako zii. Fungo la penti linatha. M'malo mwake munadzaza fungo la pensulo yosongola kumene.

Ndinaona alamu akuwongoka. Manja anatsika m'mbali. Zidendene zinagunda khoma. Chibwano m'mwamba.

"Alamu," iwo anandinong'oneza, "chotsani dzanja pamutu panga."

Ine ndinali kuwindo, manja onse ali m'thumba.

Tsitsi lawo linaphwatalala. Ndipo pamwamba pa mutu wawo, pang'onopang'ono, pakhoma panamveka kuti khwee.