Alonda a Magolovesi

Panali munthu wina amene anzake ankamutcha Magolovesi, chifukwa ngakhale pa nthawi ya chakudya ankaiwala kuwavula. Ankagwira ntchito m'labotale, pa makina opopa madzi kudutsa m'chubu chachitsulo chotchedwa kolamu, chimene chimalekanitsa zosakanikirana kuti mankhwala enieni asiyane ndi achinyengo. Kolamuyo inali yodula kwambiri. N'chifukwa chake patsogolo pake ankamangapo kachubu kena kotchipa, kakafupi ngati chala, kamene ankakatcha mlonda. Ntchito ya mlonda inali kumwa litsiro lonse kuti kolamu ikhalitse. Akatsekeka, geji ya pulesha imakwera. Umangomumasula, kumutaya m'bini, n'kuika wina.

Magolovesi ankapita kuntchito wapansi, nsapato itayasamula. Mnzake amene anaphunzira naye anali atatsegula labotale yakeyake, ndipo pomudutsa pa galimoto ankamuimbira hutala, osaima. Hutala imeneyo ndiyo inamufikitsa kwa sing'anga, Loweruka lina m'mawa, m'kachipinda kuseri kwa shopu ya matayala.

Sing'angayo sanafunse dzina. Anafunsa za ntchito, ndipo atamva za mlonda anaseka pang'ono, nati amene anapanga makinawo ayenera kuti anali sing'anga mnzake. Anatulutsa kabotolo ka mafuta akuda. Dontho limodzi pa mlonda watsopano aliyense, anatero, ndi dzina la munthu lonong'onezedwa. Chuma chidzafika choyera, koma litsiro lake amwe wina.

Magolovesi anayamba kunenerera ngati akugula kabudula pamsika. Anapereka galu wa eni nyumba. Anapereka bwana wake, mowolowa manja ndithu. Sing'anga anapukusa mutu.

"Mlonda amaima patsogolo panu mwa kufuna kwake, achimwene. Akhale wokukondani. Enawo madzi amangowalambalala."

"Nanga afa?"

"Kodi alonda anu aja amafa? Amangotsekeka."

Magolovesi anaona kuti mtengowo si woipa.

Anayamba ndi amalume ake, poganiza kuti adya kale zambiri. Pasanathe miyezi itatu makampani ankamufunafuna ndi mabotolo awo. Anatsegula labotale ya magalasi okhaokha, nagula galimoto ya hutala yogonthetsa m'khutu. Amalume aja, munthu wa nthabwala, anayamba kuiwala mathero a nthabwala zawo. Tsiku limene geji inakwera, anali atangokhala pampando, maso ali tong'o, osazindikira ngakhale ana awo.

Magolovesi anamasula, nataya, nanong'oneza dzina la achemwali ake, amene anamulipirira sukulu ndi ndalama za makina osokera. Kenako la mkazi wake. Ntchito itachuluka, alonda ankatha msanga. Anaikanso wa amayi ake, pakuti sipanala siidziwa chisoni. Anamanga bwinobwino, osadontha.

Onse anayi anawasunga m'nyumba yake yaikulu, aliyense m'chipinda chake. Akaweruka ankawapatsa moni mmodzimmodzi, n'kudziyankha yekha kuti aswera bwino. Ankadya ataimirira kukhitchini, wailesi ili yotsegula kuti m'nyumbamo mumveke mawu a munthu.

Geji itayambanso kukwera, anakhala pansi ndi foni, kusanthula maina mazana atatu. Onse anali makasitomala. Anabwerera kuseri kwa matayala kuja, nafunsa ngati angathe kutchula sing'anga yemweyo.

"Ine sindikukondani, bwana. Ndimangokulandirani bwino."

Anafunsa ngati angangozimitsa makinawo. Sing'anga anati makina amazima, koma chuma chimene chinalowa kale sichisiya kupopa litsiro. Pakasowa mlonda watsopano, lidzaphulitsa abale anayi aja, kuyambira amayi.

Lolemba m'mawa mayi wosesa anamuona akudonthezera mafuta pa mlonda watsopano, akunong'oneza dzina. Linali lake lomwe. Linagwira pompo, pakuti munthu uyu sanasiyepo kudzikonda. Pofika masana anali pa mpando wake wozungulira, magolovesi ali m'manja, sipanala ili pansi, maso ali tong'o.

Anakamuika m'chipinda chachisanu cha nyumba yake ija, ndipo panalibenso woyenda m'makomo kupereka moni. Labotale inagulidwa ndi mnzake wa hutala uja. Tsiku loyamba anaona geji yakwera, namasula mlonda, namutaya m'bini osamuyang'ana n'komwe.

Wadyera amayesa kuti iye ndiye kolamu yodula, abale ake ndi tizitsulo totaya. Koma okukonda sabwera m'paketi. Ukawamaliza, litsiro la chuma chako limapeza mwini wake.