Kugogoda m'paipi ya chipinda chozizira

Zimenezi zinachitikadi. Wosunga makiyi wa pafakitale ina ya nkhuku analipo, ndipo ndi bambo woti bodza salidziwa.

Mayi wina wodziwa za mapaipi, yemwe anzake ankangomutcha Sipanala, ndiye anakonza zowaza madzi zozimitsira moto m'chipinda chozizira chosungiramo nyama. Ntchitoyo si yamasewera. Mmenemo madzi amauma gwa, choncho m'mapaipi mumakhala mpweya wokhawokha. Madzi amadikirira kunja, kuti athamangire mkati moto ukabuka.

Kutatsala tsiku limodzi kuti oyendera ntchito abwere, masanasana, Sipanala analowamo ndi wosunga makiyi uja, aliyense atavala majekete awiri.

"Achimwene, yendani msanga," anatero Sipanala akuseka. "Mukauma muno akupakirani limodzi ndi nkhukuzi."

Asanamalize kuseka, mafani oziziritsa chipindacho anaima okha. Kunangoti zii.

Ngo! Ngo! Ngo!

"Kudengako kuli munthu?" anafunsa Sipanala.

"Makiyi onse ali m'thumba mwangamu," ananong'ona bamboyo.

Kenaka fungo. Girisi ndi lalanje losenda kumene. M'chipinda choti ngakhale nyama simanunkha.

Ngo! Ngo! Ngo! Pakona, pamwamba pa mashelefu.

Wosunga makiyi anabwerera m'mbuyo. Koma Sipanala misozi inalengeza, nkhope ikuwala. Malemu bambo ake, amene anamugwiritsa sipanala koyamba, ankagogoda chomwecho akapeza polakwika, tsaya litatupa ndi lalanje.

"Ababa," anatero motsitsa mawu, "mpaka kuno kudzandikonza?"

Anakwera makwerero n'kumasula paipi ya pakonapo. Mkati munali chibuluma cha ayisi chachikulu ngati chibakera, chitatseka njira yonse. Chinyezi cha mumpweya chinkaundana pamenepo pang'onopang'ono. Moto ukanabuka, sipakanatuluka ngakhale dontho, m'nyumba yogwiramo ntchito anthu mazana awiri.

Anachichotsa, nakonzanso makina oumitsa mpweya wa m'mapaipiwo. Mawa lake oyendera atatsegula vavu yolowetsa madzi m'mapaipi, madzi anafika mpaka kumapeto kwa mzere ali phwaa! Azimayi olongedza nyama analuluta, ndipo Sipanala anavina ndi majombo ake olemerawo, woyendera wamkulu n'kulephera kudzigwira, kuseka chikhakhali.

Poweruka, wosunga makiyi anaima pakhomo la chipindacho, navula chipewa.

"Zikomo, bambo. Tawona ntchito yanu."

Mkatimo munalibe munthu. Paipi inayankha kamodzi.

Ngo!