Fumbi la m'Chigayo cha ku Siteshoni

Ambrose anatuluka m'chigayo sitima ya ku Livingstone itadutsa kale, ali mbuu ndi ufa, mtima ukuwira. Chinali chaka cha 1958, nthawi ya Chitaganya, pamene mzungu akalankhula munthu wakuda ankangoti inde bwana. Mwini chigayocho anakhomera mazenera onse ndi misomali, ati antchito amaba ufa, ndipo fumbi la ufawo linkangounjikana pa mitanda ya denga chaka ndi chaka. Tsopano atamva kuti woyendera zigayo akubwera mawa kuchokera ku Lusaka, analamula Ambrose, kapitawo wake, kuti alawire ndi anzake anayi kusanache, akakunthe fumbilo ndi masache atayatsa nyali. Wokana, ntchito yatha. Ambrose anali ndi ana atatu, ndipo kanyumba kake ka m'komboni kanali ka ntchito yomweyo.

Njira yachidule inkatsata njanji n'kudutsa pa bwinja la chigayo chakale, chomwe chinapsa iye asanafike ku Kafue. Atayandikira zipupa zakudazo anamva fungo la nshima yopserera. Angaphike ndani pa bwinja usiku ngati uno?

Kumbuyo kunamveka mapazi. Anaima. Nawonso anaima. Anayenda... nawonso!

"Ba kapitawo, muli shani?"

Anali munthu wamtali, woyera ndi ufa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, tsache lili m'manja. Ambrose ankadziwa wantchito aliyense wa m'chigayo. Uyu ayi.

"Mailo m'mawa nyali muisiye panja," anatero mlendoyo. "Unga wa mu chigayo ukauluka mumwamba ugwira moto monga palafini. Segulani mawindo. Muwaze manzi, musese pang'ono pang'ono."

"Ndimwe ndani imwe?"

"Ine sinikoka fodya, ba kapitawo. Muwauze. Sininakokepo."

Atatero anatembenuka kulowera m'bwinjamo. Msana! Malaya panalibe. Khungu panalibe. Bii, ngati kunsi kwa mphika... Fungo lija linakula. Ambrose anabwerera m'mbuyo. Anathawa. Anagwa pa miyala ya njanji, nadzuka, nathawabe mpaka pakhomo pake.

Sanagone. Kusanache anafika pa chigayo. Nyali anaisiya pa geti, nauza anzake aja kuti adikire kuyere. Anazula misomali ya m'mazenera, anawaza madzi, ndipo fumbi linatsika mwakachetechete, osapsa munthu ndi mmodzi yemwe. Koma madziwo ananyowetsa matumba awiri a ufa.

Woyendera uja anabwera, anayamikira ukhondo, anamwa tiyi ndi bwana, nabwerera ku Lusaka. Dzuwa lisanapendeke Ambrose anali atachotsedwa ntchito, ati waononga katundu, ndipo nyumba achokemo pofika Loweruka. Zinamuwawa kwambiri. Anthu asanu anatuluka amoyo, koma owerengedwa anali matumba.

Anakakhala pansi kwa Martina, mayi wachikulire amene ankagulitsa chakumwa cha munkoyo kunja kwa geti, namufotokozera zonse, ngakhale za usiku zija. Atafika pa mawu a fodya, Martina anaika chikho pansi.

"Uyo ni Jethro, mwamuna wanga," anatero osamuyang'ana. "Anafa mu chaka cha fifite-wanu, mu chigayo chija chakale, na anzake atatu. Bwana ni wamene uyu. Anawatuma kusesa na nyali, mawindo okhoma. Pambuyo ku koti anakamba ati Jethro ndiye anayasha fodya mukati."

Ambrose anamva kuzizira dzuwa likuswa mtengo.

"Nanga imwe amai, anakupasani chani?"

Martina anatola chikho chija n'kuyamba kuchitsuka.

"Saka imozi ya unga," anayankha. "Wosesa pansi."