Lipenga Litasiya Kumveka

Ku Mbamba Bay kunalibe munthu wofunsa kuti Belinda ali kuti, umangotchera khutu basi. Lipenga likamveka cha kutchalitchi, ndiye kuti ali ndi anzake a bandi ya parishi. Likamveka kumtunda kwa msika, ndiye kuti ali kunyumba, akudikira nyemba kuti zipse. Makolo ake anachokera ku Nkhotakota, tsidya lina la nyanja, iye ali kumsana, ndipo lipengalo analiphunzira ndi khutu, poonera amene amaimba m'maukwati.

Fexon, fundi wa mainjini a maboti, anamukondera lipenga lomwelo. Pa tsiku la ukwati wawo Belinda anakweza velo n'kudziimbira yekha nyimbo yotulukira, azimayi n'kululutira mpaka mawu kusasa. Kuyambira pamenepo, Fexon akamva lipenga ali pa ntchito kugombe, amaika sipanala pansi n'kuuza aliyense amene ali pafupi kuti, "Mukumva? Ameneyotu ndi mkazi wanga." Kunena zoona, chaka choyamba chija banjali linali losiririka.

Nkhani ya sukulu inabwera ndi Mwalimu Polycarp, mphunzitsi woimba limba m'tchalitchi, bambo wa zaka makumi asanu amene mkazi wawo anamwalira kalekale. Tsiku lina atatuluka Misa anamuonetsa Belinda uthenga pa foni: yunivesite ina ku Dar es Salaam imalandira achinyamata odziwa zida zoimbira. Amafuna zinthu ziwiri. Choyamba, vidiyo ya wopemphayo akuimba nyimbo yathunthu mosadukiza, pamalo opanda phokoso, ifike Lachisanu lomaliza la Juni lisanadutse. Chachiwiri, mayeso owerenga manoti, timadontho takuda tija topachikidwa pa mizere isanu.

"Mwalimu, ine timadontho timeneti sinditidziwa ndi kamodzi komwe," anatero Belinda.

"Ndiye chifukwa chake ndilipo, mwana wanga. Miyezi itatu ikwana."

Fexon sanakane. Anaseka, nati apite akabwere ndi digiri, adzaipachike pabalaza. Mtima wa Belinda unadzaza. Zaka zonsezi anthu amamuombera m'manja m'maukwati n'kumupatsa mpunga, koma panalibe anamuuzapo kuti chimene ali nacho m'kamwamo n'chofunika sukulu.

Koma manoti salira, abale. Amaphunziridwa ndi pensulo. Masana atatu pa sabata Belinda amakhala m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, chitseko chotseka chifukwa cha phokoso la njinga zamoto za mabodaboda, akuwerenga mizere, kufufuta, kuyambiranso. Zimamukwiyitsa kwabasi. Munthu woimba nyimbo iliyonse atangoimva kawiri, lero akulephera kusiyanitsa kadontho ka pamzere ndi ka pakati pa mizere! Nthawi zina amaponya pensulo pansi misozi ili m'maso, Mwalimu n'kuitola mwakachetechete. Pomvetsera nyimbo za mayeso anali ndi timahedifoni timodzi tokha, ndiye amagawana, wina khutu ili, wina khutu ilo, mitu ili pafupi ngati anthu owerenga kalata imodzi.

Umu ndi mmene anawaonera Anjelina, mchemwali wake wa Fexon, atasuzumira pawindo. Sabata isanathe, nkhani inali itafika pa thandala lililonse loyanikapo usipa. Panalibe amene ananena bodza lenileni. Amangofunsana mwaulemu kuti, kodi sukulu ya lipenga yopanda lipenga inayamba liti? Miseche yoopsa ndi imeneyo, yofunsa chabe, chifukwa mwini wake ukamugwira amati, ine ndangofunsa.

Tsiku lina Belinda pobwera anapeza mwamuna wake atakhala pakhonde, manja osasamba, oilo ali phuliphuli.

"Lero ndinaima panja pa kachipinda kanu kaja," anatero Fexon. "Maola awiri. Sindinamve kulira kwa lipenga ngakhale kamodzi."

"Timawerenga manoti, aFexon. Ndinakuuzani kale. Onani kopeli."

"Kope! Ine ndikamakonza injini, anthu amamva injini. Iwe ukamaphunzira nyimbo, tauni yonse ili zii. Mumaimba nyimbo yanji yosamveka imeneyo?"

"Mwalimu ndi msinkhu wa bambo anga!"

"Bambo ako amakhala nawe chitseko chotseka, masaya atagundana?"

"Ndiye mukufuna nditani? Ndikaimbe pamsika kuti achemwali anu akhutire?"

"Achemwali anga uwasiye. Kuyambira lero kumeneko usapondeko. Za Dar zatha."

Belinda analira, anachonderera, anamupempha kuti azipita naye azikakhala pakona n'kumaonerera. Fexon anakana, ati iye si mlonda. Nsanje ikalowa mwa munthu safunanso umboni womuchiritsa, amafuna womutsimikizira kuti akuvutikadi. Kope lija sanalitsegule n'komwe.

Apa Belinda analakwa, ndipo tisamubisire. Anayamba kupita mozemba. Amati akukaona azakhali ake ku Chiwanda, kapena akukagula chinangwa, lipenga atalisiyiratu kutchalitchi. Mwalimu anamuchenjeza kuti ndi bwino iwo akalankhule ndi mwamuna wake pamaso pa ansembe, koma Belinda anati ayi, zimenezo zichitike vidiyo ikatumizidwa, chifukwa Fexon akamva adzamulanda lipenga. Munthu wosalakwa akayamba kunama kuti ateteze chinthu chabwino, amayenda ndendende ngati wolakwa, ndipo owonerera sangasiyanitse.

Sabata yomaliza inafika, vidiyo isanatheke. Lolemba anajambula m'tchalitchi, nyimbo ili pakati belu linalira. Anayambiranso, tambala analowa pakhomo n'kulira ngati walipidwa. Lachiwiri kunali maliro pafupi. Lachitatu zonse zinali bwino mpaka mzere womaliza, foni n'kuzima, batire latha. Milomo ya Belinda inatupa chifukwa chobwereza, ndipo anafika ponena kuti mwina Mulungu sakufuna.

"Mulungu sanalankhule, amene walankhulayo ndi tambala," anatero Mwalimu. "Mawa masana ubwere kunyumba kwanga kuphiri. Kumeneko kuli bata."

Lachinayi dzuwa lili paliwombo, anaika foni ya Belinda pa mulu wa mabuku a nyimbo, anatseka chitseko ndi mawindo. Mwalimu anakhala pa kalimba kawo ka kunyumba. Belinda anatchula dzina lake ndi kwawo monga amafunira a yunivesite, anapuma mozama, n'kuyamba. Ulendo uno panalibe chinamusokoneza. Mphindi zisanu ndi imodzi nyimbo inayenda yosapunthwa, mpaka mawu omaliza aja amene amamukanika masiku onse anatuluka oyera, aatali. Atatsitsa lipenga, analira ngati mwana. Mwalimu anaimirira n'kumugwira mapewa onse awiri.

"Wakhoza, mwana wanga. Wakhoza! Tsopano pita ukamuuze mwamuna wako zonse."

Chitseko chinathyoka mawuwo atangotha. Anjelina anali atathamangira kugombe kukanena kumene mlamu wake walowera, ndipo Fexon anakwera phiri lonse sipanala ili m'manja. Anafika nyimbo itatha. Chimene anapeza ndi nyumba yotseka, yopanda phokoso, ndi mkazi wake m'manja mwa mwamuna wina. Sanafunse kanthu. Anamenya Mwalimu m'mutu, ndipo pamene amakweza dzanja kachiwiri Belinda analowa pakati akukuwa kuti, "AFexon, foniyo! Onani foniyo!" Chitsulo chinamupeza pakamwa.

Mwalimu Polycarp anamwalira ali m'njira yopita kuchipatala. Belinda anatsitsimuka Lachisanu m'mawa, mano anayi akutsogolo palibe, mlomo wam'mwamba utasokedwa. Atamva za imfayo anatembenukira kukhoma osafuna kuona munthu. Koma masana anapempha pepala mwa manja, n'kulembera wapolisi amene anabwera kudzamufunsa: Foni ija muli vidiyo. Iyenera kutumizidwa lero. Mwalimu anaivutikira.

Wapolisiyo anawerenga, n'kupukusa mutu mwachisoni. "Pole sana, pepani mama. Foniyo inajambula zonse. Tsopano ndi umboni wa mlandu, singatuluke m'manja mwathu."

Analembanso, Mphindi ziwiri zokha. Yankho linali lomwelo. Lachisanu linadutsa iye akuyang'ana denga.

Mlandu unazengedwa ku khoti lalikulu ku Songea patatha chaka ndi miyezi. Jaji analamula kuti vidiyo ionetsedwe yonse kuyambira poyamba. Ndiye m'khotimo munamveka mawu a mtsikana wamanyazi akuti, "Dzina langa ndine Belinda, wa ku Mbamba Bay, ndikupempha malo ophunzira lipenga." Kenako nyimbo. Mlembi anasiya kulemba. Anjelina anaphimba nkhope ndi chitenje. Belinda anakhala kumbuyo dzanja lili pakamwa, akumvetsera chimene milomo yake sidzachitanso, pakuti anali atayesa kale kunyumba, mlomo wachipserawo n'kumangotulutsa mpweya. Fexon anamva zonse, mpaka mawu a Mwalimu akuti pita ukamuuze mwamuna wako, ndipo chitseko chisanathyoke pa vidiyopo anali atagwada kale m'kabokosi ka oimbidwa mlandu.

Khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wopha munthu mosakonzekera ndiponso wovulaza mkazi wake. Atafunsidwa ngati ali ndi mawu chilango chisanaperekedwe, anati, "Bwana jaji, ndikadafika msanga pang'ono, ndikadaimva."

"Munali ndi miyezi itatu yoti mufunse," anayankha jaji, n'kumugamula kuti akakhale kundende zaka khumi ndi zisanu.

Inu amene mumakonda ndi mtima wonse, mvetsani. Fexon sanali chidakwa kapena chigawenga, anali mwamuna wogwira ntchito amene anaganiza kuti chimene iye sakuchimva ndi makutu ake ndiye kuti ndi chinyengo. Chifukwa cha zimenezo munthu wosalakwa ali m'manda, iye ali m'chitolokosi, ndipo mtsikana amene amafuna kungophunzira anataya zonse tsiku limene anakhoza.

Foni anamubwezera Belinda mlandu utatha, itamatidwa kapepala ka nambala. Chaka chimenecho yunivesite inalengezanso malo. Anakhala nayo m'manja nthawi yaitali, vidiyo ili pomwepo, yabwino, yokwanira zonse zimene amafuna. Akadaitumiza akadamuitana, ndipo akadamupatsa lipenga kuti aimbe pamaso pawo. Anaizimitsa n'kuiika pansi pa zovala m'sutukesi.